Kutsata mwera pa Nyanja ya Malawi: zolemba za ulendo wotunga madzi

Tsiku loyamba, Monkey Bay

Mwera watitsekera padoko. Katundu tinalongedza dzulo, injini ili bwinobwino, koma woyendetsa boti wangosuzumira kunja kwa gombe n'kupukusa mutu: "Lero ayi, akulu. Kunjaku kwayera." Akati kwayera ndiye kuti mafunde akuswa thovu mpaka polekeza maso. Uno ndi Ogasiti, ndipo mphepoyi, yomwe imachokera kum'mwera chakum'mawa, imawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala. Kuidandaula sitingathe, poti ndi iyo taitsata.

Ulendo wathu ndi wotunga madzi kuchokera kuno kum'mwera mpaka kumadzi akuya a kumpoto, kuti tione mmene pulankitoni amasiyanirana malo ndi malo. Pulankitoni ndi tizamoyo toyandama m'madzi, topita kulikonse kumene madzi atitengera. Tina ndi ndere zosaoneka ndi maso, zomwe zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga zomera zonse. Tina ndi tinyama tochepa ngati njere ya mchenga, todya nderezo. Usipa ndi utaka zimadya tinyamato, mcheni nawo umadya usipa.

Tsiku lodikira latha ndi mabotolo. Oyezera fosiforasi, umodzi wa michere imene ndere zimafuna kuti zikule, timawanyika mu asidi wa hydrochloric wa 10 peresenti, kenako kuwatsukuluza katatu ndi madzi otchezedwa. Sopo sayandikira n'komwe, chifukwa wina amakhala ndi fosifeti, yemwe ndi mtundu wa fosiforasi, ndipo madzi a pamwamba pa nyanja ino ali ndi fosiforasi wochepa kwambiri moti kachidontho ka sopo kotsalira kangapose zonse zimene tikufuna kuyeza. Madzi oyezera silika, mchere umene ndere zina zimapangira zigoba zawo, amasungidwa m'pulasitiki basi, chifukwa galasi limatulutsa silika wake. Mayina a malo timalemba ndi pensulo, inki imasungunuka ikakhudzana ndi acetone, mankhwala osungunula amene timagwiritsa ntchito poyeza. Chingwe chatsopano tachinyika kaye m'madzi tisanachidinde zizindikiro za mamita, popeza chingwe chodindidwa chouma chimasintha utali chikanyowa ndipo chinganamize munthu ulendo wonse.

Tsiku lachiwiri, mkono wa nyanja wa kum'mwera chakum'mawa

Tanyamuka kusanache, mphepo itagonako. Chida choyamba kulowa m'madzi ndi mbale ya Secchi, mbale yoyera ya masentimita 20 kapena 30 yokhala ndi chitsulo cholemera pansi. Imatsitsidwa kumbali ya mthunzi wa boti, wotsitsayo atavula magalasi a dzuwa. Amalemba kuya kumene yazimiririka, amaikwezanso mpaka yaoneka, ndipo nambala yotenga ndi ya pakati pa ziwirizo. Ukachulukitsa nambalayo kawiri kapena katatu umapeza kuya kumene ndere zikulandira kuwala kokwanira. Pakati pa nyanjayi mbale imaoneka mpaka mamita 12 kapena 20. Kuno lero yasowa msanga, madzi ali obiriwira mwa chikasu.

Chifukwa chake ndi chomwe chatiyendetsa. Madzi a nyanjayi amakhala mosanjikizana. Ofunda ndi opepuka, amakhala pamwamba. Ozizira ndi olemera, amakhala pansi, ndipo kumeneko ndi kumene kumagwera chilichonse chakufa, n'kuwola, n'kusiya fosiforasi, nayitulojeni ndi silika. Ndiye kuwala kuli kumwamba, chakudya cha ndere chili pansi, ndipo ndere zimafuna zonse ziwiri nthawi imodzi. Mwera ukawomba masiku ambiri umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto. Kuno kum'mwera malo awo amatengedwa ndi madzi ozizira okwera kuchokera pansi, atasenza michere ija. Nyanja ndi yosazama kuno, choncho mafunde amavundulanso zomwe zinakhazikika pamatope. N'chifukwa chake mbali ya Mangochi, yomwe ndi kachigawo kochepa ka nyanja yotalika makilomita oposa 560, imatulutsa nsomba zochuluka chonchi.

Ukonde wa ndere uli ndi maso a mamaikuloni 20. Maikuloni imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000. Titaukoka, kabotolo ka kumapeto kanadzaza zinthu zofiirira zonga matope osalala. Pa maikulosikopu ya m'boti dontho limodzi linaonetsa timaunyolo tonga timigolo tolumikizana: *Aulacoseira*, yomwe mabuku akale amaitcha *Melosira*. Pambali pake panali timabatani tozungulira ta *Stephanodiscus*. Awa ndi madayatomu, ndere zovala chigoba cha silika. Chigobacho n'cholemera. Madzi akachita bata madayatomu amamira, amachoka pakuwala, ndipo nyengo yawo imathera pomwepo. Amakhala pamwamba pokhapokha madzi akuvunduka. Munthu akaona madayatomu ambiri chonchi, ngakhale asanayang'ane kalendala, amadziwa kuti mphepo yakhala ikugwira ntchito.

Manja atupa ndi chingwe. Pofika madzulo palibe amene anafuna kulankhula.

Tsiku lachitatu, Senga Bay ndi mathiriro a Linthipe

Madzi oundana amene tinali nawo asungunuka, ndipo popanda iwo ndere zimene tasefa pa mapepala ziwonongeka. Mmodzi wa ife anakwera galimoto kupita ku Salima, enafe tinadikira pamchenga maola atatu. Mayi wina woyanika usipa pathandala, ataona mabokosi athu ali padzuwa, anatiuza kuti tiwalowetse pansi pa thandala lake, n'kuwafunditsa thumba lonyowa. Anafunsa zomwe zili m'katimo. Titamuuza kuti ndi chakudya cha usipa, anati, "Ndiye musamale nazo, ana anga."

Malo ano ali ndi mbiri pa ntchitoyi. Kuno n'kumene kunali likulu la kafukufuku wa UK ndi SADC wa nsomba za pakati pa nyanja kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndiponso wa SADC ndi GEF (thumba la ndalama la mayiko lothandiza zachilengedwe) wa zamoyo za m'nyanjayi kumapeto kwa zaka zomwezo. Zambiri zimene tikudziwa za kasinthidwe ka pulankitoni mwezi ndi mwezi zinachokera pa madzi otungidwa nthawi imeneyo. Chaka chimayenda motere: madayatomu nyengo ya mwera, kenako cyanobacteria, mabakiteriya opanga chakudya ndi dzuwa ngati ndere, m'miyezi yotentha ndi yabata cha mu Novembala ndi Disembala, ndipo ndere zobiriwira zimachuluka m'dzinja.

Masana tinapita ku mathiriro a Linthipe, moyang'anana ndi zilumba za Maleri. Mwezi uno mtsinjewu ndi wowonda, koma mu Januwale ndi Febuluwale umalavula madzi ofiira otalika makilomita ambiri. Madziwo amachita zinthu ziwiri zotsutsana. Amabweretsa fosiforasi womatirira ku dothi, koma dothi lomwelo limatchinga dzuwa, moti pamene madzi ali ofiira kwambiri ndere sizikula. Zimakula m'mphepete, pamene dothi layamba kudikha koma michere ikadalipo. Chinanso chonyenga n'chakuti madzi a mtsinje akakhala ozizira ndi olemedwa ndi matope amalowa pansi n'kumayenda ngati mtsinje wobisika m'kati mwa nyanja. Wotunga pamwamba pokha amabwerera ndi madzi oyera n'kulemba kuti mtsinje sunafike, pomwe uli pansi pa boti lake.

Ndere zimadya nayitulojeni ndi fosiforasi pa mlingo wa pafupifupi 16 kwa 1. Fosiforasi akachuluka nayitulojeni n'kuperewera, amene amapambana ndi cyanobacteria monga *Anabaena*, omwe amatha kutenga nayitulojeni wa mumpweya kudzera m'maselo awo apadera ooneka ngati mkanda wotumbululuka pakati pa unyolo. Ali ndi timatumba ta mpweya towayandamitsa, choncho bata silowaopsa. Vuto lake, tinyama ta pulankitoni sitiwadya bwino, ndipo mitundu ina ili ndi poizoni. Fosiforasi safika ndi mitsinje yokha. Utsi ndi phulusa za moto wa m'tchire, womwe usiku uno tikuuona ukuyaka m'mapiri a kumadzulo, zimagwera pamadzi ndi fumbi ndiponso ndi mvula zoyamba. Nyanja ya Victoria, yomwe malo ake akuya kwambiri ndi pafupifupi mamita 80 okha, inaonetsa kale kumene njirayi imathera: kuchokera m'ma 1960 madayatomu anachepa, silika wa m'madzi anatsika, cyanobacteria analanda nyanja, ndipo madzi a pansi anayamba kusowa okosijeni nthawi yaitali. Yathuyi ndi yakuya, idzachedwa kuonetsa zizindikiro, koma idzachedwanso kuchira, chifukwa potulukira pake ndi pa Shire pokha ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi, kusiya zonse zimene anabwera nazo.

Tsiku lachinayi, kufupi ndi Nkhotakota

Mwera wabweranso ndi ukali. Mafunde akumenya boti chakumbuyo, ndipo kusefa madzi munthu ataweramira pampu kwandidwalitsa mseru tsiku lonse. Nthawi ina funde linakwera mpaka pamabokosi, mtima unagunda zedi.

Ntchito ya lero ndi ya chlorophyll, chobiriwira chomwe chimasonyeza kuchuluka kwa ndere zonse pamodzi. Madzi timatunga ndi botolo la Niskin, chipaipi chotseguka mbali zonse ziwiri chomwe chimatsekeka tikagwetsa kachitsulo kotsetsereka pachingwe. Pamwamba, pa mamita 10, 20, 30, 50, 75 ndi 100. Pakati pa nyanjayi chlorophyll nthawi zambiri sapitirira maikulogalamu imodzi (galamu yogawidwa ka miliyoni) pa lita, choncho pamafunika malita awiri kapena kuposa kuti pepala losefera la GF/F, la maso a mamaikuloni 0.7, lisinthe mtundu pang'ono. Zolakwika zili zitatu ndipo zonse zimachepetsa nambala. Kusefa padzuwa kumapha chlorophyll, ndiye timasefa pansi pa lona. Kupopa mwamphamvu kumaphwanya maselo, zam'kati n'kudutsa pepala. Kusiya pepala pofunda kumapatsa mpata kuti liwole. Likatha kusefa limapindidwa pakati ndi kachopanira, osati ndi zala, kukulungidwa m'pepala la aluminiyamu, n'kulowa m'madzi oundana mpaka lidzafike mufiliza. Ku labotale limanyikidwa mu acetone wa 90 peresenti, mumdima ndi mozizira, pafupifupi maola 24.

Mphepo ikamakankha boti, chingwe sichiima chilili. Chikapendekera madigiri 30, mamita 100 a chingwe amafika mamita 87 okha. Chikafika madigiri 45, ndi mamita 71. Lero tinachita kutsanula madzi a botolo limodzi n'kutunganso, chifukwa wolemba anaiwala kuyeza kupendekerako. Madzi osadziwika kuya kwake alibe ntchito.

Chimene ambiri sayembekezera n'chakuti m'madzi oyera ndere sizichuluka pamwamba penipeni. Nthawi ya bata zimaunjikana pansi ndithu, mamita makumi angapo, pamene kuwala kwatsala pang'ono koma michere yochokera pansi yayamba kufika. Ndipo gawo lalikulu la izo silikodwa mu ukonde uliwonse. Ndi timaselo ta pakati pa mamaikuloni 0.2 ndi 2, monga *Synechococcus*. Kuchepa kwakeko ndiye mwayi wake m'madzi osauka: kaselo kakang'ono kali ndi khungu lalikulu poyerekeza ndi thupi, kamayamwa michere yochepa mosavuta, ndipo sikamira. Kuti tiwerengedwe, madzi amasungidwa ndi glutaraldehyde, kusefedwa pa sefa ya mamaikuloni 0.2, n'kuonedwa pa maikulosikopu yowalitsa kuwala kwa buluu kapena kobiriwira, pomwe timayaka tokha ngati makala.

Tsiku lachisanu, usiku, panjira ya ku Likoma

Mwezi uli mumdima. Chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, tinaona mizati itatu yakuda itaima pamadzi kutali, ikupotoka ngati utsi wa sitima ikupsa. Ndi nkhungu. Woyendetsa anakhotetsa boti kuti tisalowemo: "Mukalowa umo simupuma, achimwene."

Nkhungu ndi ntchentche ya *Chaoborus edulis*, ndipo moyo wake wautali umathera m'madzi ngati kamphutsi koonekera mkati ngati galasi, kokhala ndi timatumba ta mpweya tiwiri kutsogolo ndi tiwiri kumbuyo. Masana timphutsi tokulirapo timathawira pansi kwambiri, mamita 200 kapena kuposa, kumene okosijeni watha ndipo nsomba sizingatitsate. Usiku timakwera kudzadya. Ndiye wokoka ukonde masana okha amaphonya mdani wamkulu wa tinyama ta pulankitoni. N'chifukwa chake tili maso.

Ukonde wa tinyama uli ndi kamwa la theka la mita ndi maso a mamaikuloni pakati pa 50 ndi 100. Ukaukoka chilili kuchokera pa mamita 50 umasefa madzi pafupifupi malita 9,800, ngati sunatsekeke. Nyengo ino umatsekeka msanga ndi *Aulacoseira*, madzi n'kumangopatuka pakamwa, ndiye pakamwapo timamangapo kachipangizo koyeza madzi amene alowadi. Kakokedwe ndi kodekha, theka la mita pa sekondi. Tikaunika kabotolo ndi tochi, m'kati muli chipwirikiti: timadontho todumphadumpha, timene ndi makopepodi, makamaka *Tropodiaptomus cunningtoni* wodya ndere ndi *Mesocyclops aequatorialis* yemwe akakula amadya anzake. Pakati pawo pali *Diaphanosoma* wochepa, ndi timphutsi ta nkhungu tili phee chopingasa, kudikira kuti china chiyandikire. Timasunga mu formalin wa 4 peresenti wothiramo shuga pang'ono, kuti zigoba zisafufume n'kutaya mazira, popeza mazirawo ndi amene amatiuza liwiro la kuswana.

Nkhungu ndi usipa zimadyera mbale imodzi, ndipo nsomba monga usipa womwewo, utaka ndi ndunduma zimadyanso nkhungu, makamaka pamene ikukwera kukauluka. Nyanja ya Tanganyika, yofanana ndi yathu m'zambiri, ilibe *Chaoborus* pakati pake, ndipo malowo ndi a kapenta. Nyanja ziwiri zoyandikana, zonse zakuya ndi zofunda, koma chakudya chikuyenda njira zosiyana.

Mbali ya kum'mawa kuli nyali za asodzi a usipa zitandandalika ngati mudzi. Cha m'ma 2 koloko bwato lina linayandikira kudzafunsa ngati injini yatifera, poona boti laima mumdima nthawi yaitali. Atamva kuti tili bwino, mkulu wa m'bwatomo anatiuza kuti madzi a pansi akukokera kumpoto mwamphamvu, tisatsitse chingwe kumbali ya injini. Ananena zoona, chikanakulungika ku pulopela.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Nkhata Bay

Kugona, kuchapa ziwiya, kudikira mafuta. Tayang'ana mabotolo a ndere ndipo mwa ena Lugol, mankhwala a ayodini osungira nderezo, wayamba kuzilala. Mlingo wake ndi mililita imodzi pa mamililita 100, mpaka madzi aoneke ngati tiyi wopanda mkaka wosalimba. Kuwala kumamuwononga ndipo pulasitiki imamumwa, choncho tawonjezera madontho n'kubisa mabotolo m'bokosi lotseka. Kuwerenga kudzachitika kumtunda mwa njira ya Utermöhl: madzi a mamililita 50 amasiyidwa m'kachubu maola 24 kuti zonse zikhazikike pagalasi la pansi, a mamililita 100 maola 48, kenako maikulosikopu imayang'ana chochokera pansi. Wopupuluma amapeza madayatomu okha, chifukwa ndi amene amayamba kumira, n'kulemba kuti timaselo tating'ono mulibe. Kuti cholakwika chisapitirire 10 peresenti pamafunika kuwerenga pafupifupi 400 za mtundu umodzi.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, madzi akuya kumpoto kwa Nkhata Bay

Mapiri akutsikira m'madzi chiphompho, ndipo pansi pa madzi akupitirira chimodzimodzi. Chigawo chino ndi kumene nyanja imafika pafupifupi mamita 700. Madzi ndi a buluu wakuda, ndipo mbale ya Secchi inatsika, kutsika, ikuonekabe ngati kandalama. Kudziwa kuti pansi pa mapazi pali dzenje lotere kumazizira m'mimba.

Chida cha CTD chimalemba kutentha, mchere ndi kuya pamene chikutsika. Tisanachitsitse timachisiya mphindi ziwiri kapena zitatu pansi pa madzi pang'ono kuti chizolowere, apo ayi manambala oyamba amakhala a kutentha kwa padenga la boti. Mzere wa kutentha umene chalemba kuno ndi wosiyana ndi wa kum'mwera. Madzi ofunda amene mwera unakankha aunjikana kuno, choncho gawo la pamwamba ndi lochindikala, michere ili kutali ndi kuwala, ndipo kabotolo ka ukonde kabwera pafupifupi koyera. Mwera ukaleka, madzi ounjikanawa amabwerera, ndipo malire a ofunda ndi ozizira amapendama uku ndi uku m'kati mwa nyanja kwa milungu ingapo, pamwamba pali bata. Kupendamako nako kumakwezera michere pang'ono kumene kuli kuwala.

Kusiyana kwa kutentha n'kochepa modabwitsa. Pamwamba pamakhala madigiri 23 kapena 24 nyengo yozizira ndi 28 kapena 29 nyengo yotentha, pansi n'kukhala pakati pa 22 ndi 23 chaka chonse. Koma m'madzi ofunda digiri imodzi ndi nkhani yaikulu: pa madigiri 25 imasintha kulemera kwa madzi pafupifupi katatu kuposa pa madigiri 10. N'chifukwa chake mphepo, ngakhale ya mwera, imalephera kuvundula nyanja ino mpaka pansi. Kupitirira mamita 200 mpaka 250 kulibe okosijeni, ndipo zakhala choncho kuyambira kale. Nyanja ya Baikal ku Russia ndi yakuya mamita oposa 1,600, koma ili ndi okosijeni mpaka pansi, chifukwa kuzizira kwa kumeneko kumatsitsa madzi a pamwamba chaka ndi chaka. Nayonso ili ndi *Aulacoseira* wake, yemwe amakula pansi pa madzi oundana.

Botolo lochokera pa mamita 300 titalitsegula, fungo la dzira lowola linadzaza boti. Ndi hydrogen sulphide, ntchito ya mabakiteriya okhala kopanda okosijeni. Madzi amenewa ndi olemera ndi fosifeti, silika ndi ammonia, nkhokwe yomwe ndere za pamwamba zimangolawako. Ndipo pamalire pomwe okosijeni akuthera pali mabakiteriya ena amene amasandutsa nayitulojeni kukhala mpweya, n'kutayika. Zotsatira zake, madzi amene amakwera amafika pamwamba ali ndi fosiforasi wambiri kuposa nayitulojeni, zomwe zimafotokoza chifukwa chake *Anabaena* amapeza malo ngakhale kutali ndi mitsinje. Madzi oyezera okosijeni mwa njira ya Winkler ayenera kutungidwa koyamba, ndi kapaipi kofika pansi pa botolo, kuwasefukiritsa kawiri kapena katatu. Kathovu kamodzi kampweya kotsalira pansi pa chotsekera kamapatsa okosijeni madzi omwe analibe, ndipo malire onse amasunthira pansi papepala.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kutentha. Madzi a pansi a nyanja ino anafunda ndi pafupifupi digiri 0.7 pa zaka 60 za m'zaka za m'ma 1900. Ku Tanganyika, kafukufuku wofalitsidwa mu 2003 anasonyeza kuti pamwamba pafunda msanga kuposa pansi, kusanjikizana kwalimba, ndipo michere yokwera yachepa. Pulankitoni wa madzi otere amasuntha kuchoka ku madayatomu akuluakulu, omwe makopepodi amadya mwachindunji, kupita ku timaselo tating'ono tomwe timayenera kudyedwa kaye ndi tizilombo tina tisanafike kwa kopepodi, ndipo pa sitepe iliyonse chakudya chambiri chimatayika. Kuti tidziwe ngati yathu ikulowera komweko pamafunika kutunga malo omwewa, kuya komweku, mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Ulendo umodzi ngati uno umangojambula sabata imodzi ya mwera.

Kukoka CTD ndi manja kwatitengera pafupifupi ola, tikusinthana anthu anayi. Dzuwa likupendeka, mphepo yayamba kudzuka, ndipo woyendetsa akufuna tifike pagombe la Usisya kusanade. Mabotolo atatu a pa mamita 300 akudikirabe kusefedwa, ndipo madzi oundana atsala a usiku umodzi.